Ndasoketsa chikopa chenicheni pa giya ya Corolla yanga

Ka Corolla kanga ndi ka 1998, ka manyuwo, kaja amati AE110. Kansalu kophimba tsinde la giya ndinakapeza kali kotopa kale, ndi lekizini uja woti poyamba amaoneka ngati chikopa koma akakalamba amayamba kusendeka, tizidutswa takuda kumakakamira mmanja ndi pa thalauza. Kutentha kwa mu Okutobala kanang'ambikiratu mpaka chitsulo kumaonekera pansi. Galimoto imeneyi ndimaikonda kwambiri, Chitakale Luchenza pafupifupi tsiku lililonse ndipo dzanja lamanzere limakhala pomwepo, ndiye zimandiwawa ndithu.

Ku Limbe mmashopu a masipeya zomwe anandionetsa zinali za lekizini yemweyo. Ndiye ndinalowera ku kaunjika, pa msika wa Limbuli ndinapeza jekete yakuda zipi yakufa, mkono umodzi wong'ambika koma kumsana kuli bwinobwino. Ndinasuzumira mkati pomwe nsalu inatoseka kuti ndione kuseri kwake. Chikopa chenicheni kuseri kumakhala kwa ubweyaubweya, chabodza mumapeza nsalu yoluka, musamangodalira fungo.

Kuchotsa chakalecho sikuvuta. Mutu wa giya umangoupotokola ngati chitsekero cha botolo, pulasitiki yozungulira ija imagwidwa ndi ma clip, mumaitukula pang'onopang'ono ndi screwdriver yokulunga kansanza chifukwa pulasitiki ya zaka zonsezi ikathyoka basi yathyoka. Mkatimo muli labala ina yomwe imatseka bowo lomwe mumadutsa ma cable a giya, yanga inali yong'aluka. Kani fumbi lofiira lija ndikadutsa misewu ya mmaesiteti a tiyi limalowera pamenepo, phokoso la giyabokosi ndi kutentha komwe. Chikopa pachokha sichingatseke zimenezo, ndinakasaka labala ina kwa ogulitsa masipeya ochotsa ku magalimoto akufa.

Wosoka ndi madala ena okonza nsapato pakhonde la shopu pa Chitakale pompa. Anamasula ulusi wa kansalu kakale kaja, zidutswa zinayi, nkuziyala pa chikopa nkujambula ndi choko. Ine ndinkafuna chothina kuti chizioneka smart. Iwo anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, giyatu imayenda uku ndi uku, musaimange ngati phazi mu nsapato." Ndinakakamira, anasoka mmene ndinafunira.

Mawa lake ndikupita ku Thyolo pa M2 ndinamva kuti ndikaika faifi chikopa chikukoka, pa bampu ina giya inatulukiratu kubwerera pa nyutulo injini nkulira. Rivesi nayo imalowa mokakamiza. Ndinabwerera kwa madala aja, mwayi kumsana kwa jekete kunatsala kokwanira. Ulendo uno chidutswa chilichonse anaonjezera zala ziwiri mmbali ndi kutalika komwe, kusoka pamanja ndi ulusi wopaka phula, msoko uliwonse kubowola kaye ndi kachitsulo kawo kosongoka kaja. Ndinakhala pa benchi kuwaonerera mpaka dzuwa kupendeka, sanathamange ngakhale pang'ono.

Poika, mumachitembenuza kaye kunja kukhale mkati, kukamwa kwakung'ono kumalowa pa chitsulo, mumange ndi cable tie kenako nkuchitsitsa ngati mukuvula sokosi, chomangiracho chimabisika. Musanabwezere pulasitiki yesani magiya onse, makamaka faifi ndi rivesi.

Chomwe ndikuopa pano ndi chinyezi cha kuno ku Mulanje. Chiperoni chikagwa masiku atatu phiri osaoneka, nsapato zachikopa mnyumba zimachita chuku, ndiye ichinso chikhoza kutero. Ndagula Kiwi ya neutral ija, yakuda ingamadetse mmanja, ndikumapaka pang'ono Loweruka ndikatsuka galimoto, mawindo nkuwasiya otsegula kaye kuti mkati muume.