Penate ija ya ku Bafoussam

Dzulo pa bawo mkangano unabukanso, nkhani yake yomwe ija ya AFCON, mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa, mu January 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. Flames ndi Senegal, Gomezgani Chirwa wa Flames walowa m'bokosi, Bouna Sarr wa Senegal wamukoka, woyimbira waloza penate. Ife m'kanyumba koonetsera mpira tinadumpha mpaka benchi kuthyoka mwendo. Kenaka woyimbira uja anathamangira pa kanema wa VAR wobwerezera zomwe zachitika, pobwerera atasintha maganizo. Mpira n'kuthera 0-0.

Achimwene ena akuti Chirwa anagwa msanga. Ine ayi, kukokako ndinakuona ndi maso angawa. Akanagwa choncho Sadio Mané wa Senegal mbali inayo, penateyo akanaibweza? Senegal yomweyo inakatenga chikho, ife tinatsala ndi chigoli cha Gabadinho pa Morocco. Inu munaona bwanji?