Dzanja pa khungwa la mlombwa

Sabata yatha ndinapita kumudzi ku Chadiza ndi mwana wanga wa zaka 11, wobadwira muno m'Chipata. Ndi mu Ogasiti, masamba ayoyoka, thengo lapsa. Iye anati, "Atate, mitengo yonseyi ikungofanana, inu mukuisiyanitsa bwanji?"

Ndinamugwira dzanja n'kuliika pa tsinde la mlombwa, monga ankandichitira atsibweni anga ndili mwana. Khungwa lake ndi lakuda, lokhakhala, long'aluka timagawotimagawo ngati msana wa ng'ona. Atsibweni ankagogoda pang'ono ndi nsonga ya nkhwangwa n'kunena kuti, "Dikira, mphwanga." Posakhalitsa pabalapo pankatuluka madzi ofiira ngati magazi, omata m'zala. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaumvera chisoni mtengowo, ndipo mpaka lero mlombwa sindiuphonya.

Muwanga ndi wosavuta. Ndi wosalala, wotuwa, ndipo khungwa lakale limasupuka lokha n'kusiya mawanga ofiirira. Koma usakunyenge kusalalako, nkhwangwa yobuntha imabwerera, n'chifukwa chake mizati ya muwanga imakhalitsa.

Pa mombo tinachedwapo. Uwu tinkaudziwira luzi: ukasenda, mkati mwa khungwa mumatuluka chingwe chachitali chomangira nkhokwe ndi phaso la nyumba. Apa atsibweni sankaseka ndi munthu. Ukasenda mozungulira tsinde lonse ankakalipa koopsa, poti chakudya chochokera m'masamba chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwamo. Ukadula njira imeneyo, mtengo umaoneka wamoyo kwa kanthawi, kenako umauma chiimire. Senda mbali imodzi, ina siya. Mlambe wa kuchigwa cha Luangwa ndiye wopirira, njovu zimausenda ndi minyanga koma khungwa limameranso.

Chimene chinandiwawa n'chakuti milombwa ikuluikulu imene ndinaphunzirirapo kulibenso. Inapita ku matabwa a zitseko ndi mipando. Uja wa pafupi ndi dimba, amene anthu awiri sitinkakwanitsa kuukumbatira, changotsala chitsa. Umene tinaugwirawu ndi wochepa ngati ntchafu yanga.

Mwanayo anapempha kuti aone magazi aja. Ndinamubwereka kampeni, ndinamuuza kuti acheke pang'ono pokha. Anaima chete kudikira, dontho lofiira linatuluka, ndipo iye anatseka balalo ndi chala chake.