Nyumba ya bwana wa ndende ku Boma

Loweruka lapitali ndinawaperekeza agogo ku Boma, titatsika kabaza pawotchi paja, ija ya Queen Victoria ya 1903, iwo akuti tiyende wapansi ndikakuonetse chinachake. Dzuwa la kuno ku Mangochi mukulidziwa nokha, koma agogo ungawakanire?

Tinakaima pa nyumba ina yakalekale ya njerwa zootcha, khonde lake lalikulu, malata afiira ndi dzimbiri, mawindo ena atseka ndi makatoni. Ine ndadutsapo kambirimbiri osaicheukira nkomwe.

"Iwe, umu munkakhala bwana wa ndende," anatero akuloza ndi ndodo yawo.

Nthawi imeneyo tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston yemwe anthu ake anamanga linga mu 1891 mphepete mwa Shire pofuna kutseka njira ya akapolo. Agogo aamuna anali msilikali wa ndende, ankakhala kumalayini, ndiye mmawa uliwonse ankabwera ndi akaidi atavala foya woyera kudzatchetcha udzu, kutunga madzi, kuwaza nkhuni za kukhitchini ya kuseri. Pakhonde wamba sunkapondapo ayi, ukakhala ndi uthenga unkaima pansi pa masitepe chipewa chili mmanja mpaka akuone.

Chomwe agogo aakaziwa sakuiwala ndi February 1965, anthu a Henry Chipembere, nduna yakale yomwe inaukira boma la Kamuzu, atalowa mtauni usiku n'kuthyola polisi, kenako n'kukakanika kuwoloka pa Liwonde. Akuti masiku otsatirawo amuna awo ankabwera kunyumba osayankhula, nsima n'kungoiyang'ana, anthu omangidwa anali ambiri ndipo ena anali owadziwa a kumudzi konkuno. Apa anakhala kaye chete, inenso sindinafunse zambiri.

Mfuti ya sitima ya Guendolen ili pawotchi paja alendo amaijambula daily, za sitima ya Vipya yomwe inamira mu 1946 zinalembedwanso pamwala, koma pano palibe ngakhale kachikwangwani.

Tili chiimire kunatuluka mayi wina ali ndi beseni la usipa woti ayanike.

"Mukufuna ndani agogo?"

"Palibe mwanangu, ndikuona mango awa. Anadzala ndi akaidi, ine ndikuona ndi maso angawa."

Mayi aja anangoseka n'kuitana mwana kuti atigwetsere angapo. Agogo anadyera pomwepo, atakhala pa masitepe aja, nsapato atavula.