Njanji ya ku Nacala ndaiona ndili pansi

Sitima inanyamuka pa Cuamba, ku Mozambique, m'mamawa, ine nditakhala cha pazenera monga tinapanganirana ndi mnzanga zaka zoposa 30 zapitazo. Pampando umene ukanakhala wake panakhala mnyamata wina amene anangofikira kugona.

Ine ndi mnzangayo tinkauluka limodzi mu helikopita ya mtundu wa Puma, nthawi imene asilikali a Malawi ankalondera njanjiyi. Anatumizidwa kuno mu 1987, nkhondo ya boma la Frelimo ndi Renamo itafika pachimake. Imeneyi ndiyo inali njira yathu yachidule yofikira kunyanja yamchere, ndipo itatsekeka katundu ankachita kuzungulira mpaka ku Durban. Kutsogolo kwa ndege kunkakhala oyendetsa awiri, ife kumbuyo. Iye anali injiniya, ine wosamalira ovulala.

Anali wamkulu kwa ine, choncho ankanditchula mphwanga. Tisananyamuke ankakwera pamwamba pa ndege, n'kupisa chala kunsi kwa giyabokosi, kuchiyang'ana, kuchinunkhiza. Akapeza kadontho ka oilo pamene sanakasiye dzulo, ndege sinkadzuka, kaya wakwera ndani. Potera m'tchire ankadzimanga lamba m'chiuno, n'kusuzumira pakhomo theka la thupi lili kunja, akuuza woyendetsa pa mahedifoni: tsikani, tsikani, kumanzere kuli mtengo, imani pomwepo. Maso a woyendetsa safika kumchira. Tonse tinkadalira maso ake.

Titawoloka mtsinje wa Lúrio ndinayamba kuwazindikira mapiri. Miyala italiitali ya kufupi ndi Malema, yosongoka ngati mano, ndi imene inkatilozera njira tili m'mwamba. Sindinkadziwa kuti ndi yaikulu chonchi. Ukakhala pansi umachita kupinda khosi kuti uone nsonga yake.

Cha kumeneko n'kumene tinakatenga msilikali amene anaponda bomba lokwirira m'mbali mwa njanji. Mapulopela anautsa fumbi moti amene ananyamula machira ankangoyenda mofufuza, ndipo mnzanga analumpha n'kukawakoka. Titanyamuka manja anga onse anali pa mwendo wa wovulalayo kuletsa magazi, ndiye botolo la diripi analigwira ndi iye, dzanja m'mwamba, ulendo wonse osalitsitsa. Ndi dzanja linalo ankamusisita pachipumi, akukuwa m'khutu mwake kuti amve pa phokoso la mainjini awiri aja: "Usagone iwe! Mayi ako dzina lawo ndani? Nena!" Mnyamatayo anafika wamoyo. Titatera mkono wa mnzanga unauma, sunkapindika, ndinachita kuutsitsa ndine.

Usiku womwewo, tikutsuka magazi pansi pa ndege, ndi pamene anandiuza kuti: "Mphwanga, dziko lino timangoliona pamutu. Nkhondo ikadzatha tidzakwere sitima ngati anthu, tidzaliyang'ane kumaso."

Nkhondo inathadi. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, asilikali athu n'kubwerera kwawo. Za ulendo wathu tinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa, ana akumalize sukulu, mvula ithe kaye. Atayamba kudwala ndinakamuona kawiri kokha, ndipo zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mpata ndinali nawo. Pamaliro ake akazi ake anandipatsa katochi kamene ankaunikira m'mainjini. Kali ndi zipsera za mano, poti ankakaluma pakamwa manja akatanganidwa.

Pa siteshoni ina yaing'ono tinaima kupatukira sitima ya malasha ochokera ku Moatize. Mabogi anadutsa mpaka ndinasokonezeka kuwerenga. Kutsogolo kunalibe bogi ya asilikali, panalibenso wina woyang'anitsitsa m'tchire. Ana anali m'mbali mwa njanji, pamalo ngati pomwe kale munthu sankaponda asanafufuze, akuthamangitsana n'kumatibayibitsa. Ndinayesetsa kupeza pamene tinatera tsiku lija, koma paliponse ndi minda ndi nyumba. Ndinatulutsa katochi kaja n'kukaika pazenera, galasi lake litaloza kunja, ndipo misozi sindinaibise.

Mnyamata uja anadzuka titadutsa Ribáuè. Anayang'ana katochi, n'kundiyang'ana ine, n'kusendeza chikwama chake kuti ndiwongole miyendo. Sitinamvane chilankhulo, choncho sindinamuuze kuti wakhala pampando wa yani.

Tinalowa mu Nampula dzuwa litapendeka, mitengo ya mikoloso ili mbali zonse. Mawa ndipitirira ku Nacala, kudoko kumene njanji imathera. Tinailondera zaka zonse zija, koma madzi a kumeneko tonse awiri sitinawakhudzepo, ndiye katochi ndikatenga.