Sabata yoyeza mwayi wa Boston Celtics pa chikho cha NBA cha 2024

Dallas Mavericks itagonjetsa Minnesota pa 30 Meyi 2024 n'kulowa mu fainolo ya NBA, ligi ya basketball ya ku America, ofesi yathu younika masewero inatsala ndi masiku 7 oti iyankhe funso limodzi: kodi mwayi wa Boston Celtics wotenga chikho ndi waukulu bwanji? Masewero oyamba a fainolo anali pa 6 Juni ku Boston.

Lachisanu linali lokonza manambala. Boston inapambana masewero 64 n'kugonja 18 mu ligi, pomwe Dallas inapambana 50 n'kugonja 32, koma sitiyambira pamenepo. Timawerenga maulendo amene timu yakhala ndi mpira. Timatenga mipira yonse yoponyedwa kudengu, n'kuchotsapo ma rebound (mipira yophonya dengu) amene timu yatola pa dengu la adani, n'kuonjezapo mipira yotayika, kenaka ma free throw (mipira yoponya popanda wotchinga, adani akalakwira lamulo) ochulukitsa ndi 0.44. Tikatero timaona mapointi amene timu imamwetsa ndi amene imamwetsedwa pa maulendo 100. Njirayi imachotsa chinyengo cha liwiro, chifukwa timu yothamanga imamwetsa zambiri ngakhale isali yakuthwa. Boston inkaposa adani ake ndi mapointi opitirira 11 pa maulendo 100, zimene sizioneka kawirikawiri. Timachotsanso mphindi zakumapeto kwa masewero amene atha kale, pamene makochi alowetsa osewera a pabenchi. Zikasiyidwa, zimasokoneza chithunzi.

Loweruka tinang'amba manambala a Dallas pakati. Pa 8 Febuluwale timuyi inatenga P.J. Washington ndi Daniel Gafford, ndipo kuyambira pamenepo inayamba kutchinga ngati timu ina. Wowerenga sizoni yonse akanaipeputsa. Komanso wowerenga miyezi yomaliza yokha akanaikweza mopitirira, poti masewero ochepa amanamiza: osewera awiri akangotentha manja kwa milungu itatu, manambala amafufuma. Tinasunga magawo onse awiri, lachiwirilo n'kulipatsa mphamvu yochulukirapo.

Lamulungu tinaona njira imene aliyense anadutsa. Boston inagonja kawiri kokha pa masewero 14 a playoffs, ndime yachipulula yotsatira ligi, koma adani ake ankasowa osewera odalirika: Miami inalibe Jimmy Butler, Cleveland inasowa Donovan Mitchell m'masewero awiri omaliza, nayo Indiana inasowa Tyrese Haliburton m'awiri omaliza. Dallas inadutsa pa Clippers, Oklahoma City ndi Minnesota. Ambiri ankati izi zikusonyeza kuti Dallas ndi yokhwima. Ife tinaona kuti mfundoyi ndi yopepuka. Kuvulala kwa adani si mlandu wa Boston, ndipo sikufafaniza masewero 82 a mu ligi.

Ntchito yeniyeni inali Lolemba ndi Lachiwiri, pa vidiyo. Tinadula ulendo uliwonse umene Luka Dončić, katswiri wa Dallas, anapatsidwa screen (mnzake kuima panjira ya womutchinga kuti amutsegulire mpata) m'masewero olimbana ndi Minnesota, n'kulemba zimene otchinga anachita. Chithunzi chinali chimodzimodzi. Otchinga awiri akamuthamangira, iye ankaponya mpira m'mwamba kuti Gafford kapena Dereck Lively II aumenyere m'dengu. Wachitatu akabwera kudzathandiza, mpira unkapita pakona kwa Washington kapena Derrick Jones Jr. kukaponya wa mapointi atatu. Dallas inkadya pamenepo.

Ndiye funso linasintha. Silinalinso loti ndani angamuimitse Dončić, munthu amene anatsogola ligi ndi mapointi 33.9 pa masewero. Linali loti kodi Boston ingamusiye ndi munthu mmodzi? Apa m'pamene mndandanda wa osewera a Joe Mazzulla, kochi wa Boston, unalemera. Jrue Holiday, Derrick White, Jaylen Brown ndi Jayson Tatum onse ankatha kusinthana munthu screen ikabwera, osapempha thandizo. Tatum ali ndi msinkhu woti n'kuima ndi senta wa Dallas, wosewera wamtali wa pansi pa dengu, ndipo zikatero screen ya senta siitsegula khomo lililonse. Dončić angathe kumwetsa 30 kapena 35, koma anzake amangoonerera. Kwa ife imeneyi inali mfundo yolemera kuposa manambala onse a Lachisanu.

Mbali inayo, Boston inkaponya mipira ya mapointi atatu yoposa 40 pa masewero, ndipo osewera onse asanu ankaponya ali kutali. Zimenezi zikanakoka Gafford ndi Lively kuchoka pansi pa dengu, pamene pali mphamvu yawo. Zikanakakamizanso Dončić ndi mnzake Kyrie Irving kutchinga ulendo uliwonse, ndipo miyendo yotopa imaonekera m'kota yachinayi. Choopsa chake n'chodziwika: tsiku limene mipira yakutaliyo yakana kulowa, timu yotere imagonja ndi aliyense. Masewero a pa 1 Malichi, amene Boston inapambana 138-110, tinawaonera koma sitinawawerengere kwambiri. Usiku umodzi si umboni.

Lachitatu linali la Kristaps Porziņģis, senta wa Boston, amene anavulala katumba pa 29 Epulo ku Miami ndipo anali asanasewerenso. Tinakonza manambala awiri, ena iye alipo, ena palibe. Popanda iye, katundu yense akanagwera Al Horford, amene anali atangokwanitsa zaka 38. Zitamveka kuti asewera, sitinamuwerengere mphindi zonse, chifukwa munthu wochokera kovulala amayamba pang'onopang'ono.

Kenaka masamu. Mumpikisano wofuna kupambana kanayi pa masewero 7, mwayi wochepa umakula. Timu ya mwayi wa 55 peresenti pa masewero amodzi imakhala ndi 61 peresenti pa mpikisano wonse. Ya 60 imafika 71, ya 65 imafika 80. Boston inali ndi masewero anayi pakhomo ngati mpikisano ukanafika kumapeto, ndipo mu ligi inagonja kanayi kokha pabwalo lake la TD Garden. Tinaika 65 pa masewero amodzi, kutanthauza 80 peresenti ya chikho.

Mpira unayamba 8:30 usiku Lachinayi ku Boston, ku Malawi kuli 2:30 m'bandakucha wa Lachisanu. Boston inapambana 107-89. Porziņģis anachokera pabenchi n'kumwetsa 20. Koma nambala imene tinaifuna poyamba inali ya ma assist, mipira yopatsira mnzako amene wamwetsa pomwepo: Dončić anamwetsa 30 ndi assist imodzi yokha, ndipo Dallas yonse inali ndi 9. Tinasiya 65 momwe inalili, ndipo poti Boston inatsala ndi kupambana katatu pa masewero 6, mwayi wake unakwera kufika 88 peresenti.