Lachitatu ku filudi: ine malamulo, agogo ufa

Sabata yachitatu ya atachimenti ku ofesi ya social welfare ndipo lero ndi pomwe anditenga ku filudi koyamba, masiku onsewa ndimangosanja mafayilo ndi kulemba anthu obwera kudzadandaula mu kaundula. Tinanyamuka cha m'ma 8, ine, madamu omwe ndi supavaiza wanga ndi bambo ena oona za chitetezo cha ana kuderako. Minibasi kenako kabaza, fumbi mpaka mu nsidze. Ndinaiwala chitenje abale inu, madamu anangondiyang'ana osayankhula, nkutulutsa china mu chikwama.

Nkhani yake ndi ya mtsikana wa zaka 15 amene anamuchotsa ku banja mwezi watha, pano akukhala ndi agogo ake. Ine usiku wadzulo ndinawerenga ngati mayeso. Lamulo la maukwati la 2015 limati munthu alowe m'banja ali ndi zaka 18, mu 2017 aphungu anasinthanso malamulo oyendetsera dziko kutseka kampata kamene kamalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15, ndiye palinso lamulo loteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, limene lekichara wathu amafuna tiziliyimba ngati nyimbo ya fuko. Zonsezi zinali mmutu, ndimangodikira pozitulutsira.

Titakhala pamphasa madamu anati ndiyambe ndine. Ndiye ndinayambadi, zaka zaka, ndime ndime, mpaka ufulu wa maphunziro. Agogo aja anamvetsera bwinobwino uku akutong'ola chimanga mu lichero, nditamaliza anati "mdzukulu wanga zonsezo ndamva, koma ufa ukuuwonawu sufika Loweruka, ndiye mwandibwezera pakamwa pena, mwabwera kudzatilemba Mtukula Pakhomo kapena?"

Ndinangoti kakasi. Mtukula Pakhomo ndikuidziwa, ndondomeko ya boma yopereka ndalama, ndinalembapo asayimenti kuti inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, koma kulemba anthu sikuchitika choncho kuti wophunzira wafika nkutenga dzina, ndipo lamulo loyamba lomwe anatiuza mu kalasi ndi loti osalonjeza chinthu chimene ulibe.

Madamu sanandidzudzule ayi. Anangosendera pafupi nkuyamba kutong'ola nawo, kufunsa za mvula ya chaka chatha, za mwendo wa agogowo, nkhuku zinatha ndi chitopa eti, ine mumtima ndikuti kodi tikuchedweranji. Patatha mwina theka la ola ndi pomwe zinatuluka zokha, kuti mwamuna uja amabweretsa sopo ndi thumba la chimanga, kuti mtsikanayo anasiyira sitandade 7 chifukwa anzake amamuseka diresi yong'ambika, komanso kuti amalume ake ena akufuna abwerere kubanjako. Za amalumezo mu fayilo munalibe ngakhale mzere umodzi. Mtsikanayo nthawi yonseyi anali kuseri kwa nkhokwe, madamu anakacheza naye awiriwiri, ine sanandiyitane ndipo ndikumvetsa.

Tinagwirizana zoti Lachisanu tikumane ndi amfumu, amalume aja ndi amayi a mother group, gulu lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, a pasukulupo. Ine chomwe ndinachitapo cha nzeru ndi kumulembera mtsikanayo 116 kuseri kwa kope lake lakale, nambala ya foni yaulere yothandiza ana.

Pobwerera mu minibasi madamu anandifunsa funso limodzi lokha, "agogo aja dzina lawo ndani?" Sindinawafunse. Fomu ndinanyamula, bolopeni ziwiri, dzina osafunsa mxii.

Pano ndi 10 koloko usiku, magetsi azima, ndikulemba ripoti ndi tochi ya foni. Mnzanga wa mchipinda muno akundikakamiza ndimuuze kuti ndi mudzi uti, ndamukanira, wakwiya akuti ndayamba matama ngati ndamaliza kale digiri. Chitenje cha madamu ndachichapa, chili pa chingwe panja, ndisaiwale mawa.