Chigubu cha malita 20 chimene sichinkadzadza

Lolemba ndi Lachiwiri ndinakhalira zachizolowezi: kuwotcherera mawaya pa mabodi a mamita a madzi amene anabwezedwa kuchokera kumidzi, kulemba lipoti, kudikira magetsi.  Chandikhalitsa pansi ndi zimene ndinapeza Lachitatu usiku.

Timapanga mamita a madzi olipiriratu a pamakiyosiki. Munthu amagula malita, madzi akamadutsa sensa imagunda, purosesa imawerenga, malita akakwana valavu imatseka. Purosesa ya mkatimo ndi STM32F407, ya mtundu wa Cortex-M4, yothamanga 168 MHz. Dandaulo lake lakhala likubwera kwa miyezi: amayi akuti alipira malita 20 koma valavu ikutseka chigubu chisanadzadze. Ku ofesi kuno yankho linali limodzi, lakuti ndi mpweya wa m'mapaipi.

Lachitatu madzulo oscilloscope, chipangizo choonetsa mmene magetsi akukwerera ndi kutsika pa waya, inapezeka ilibe mwini. Tili nayo imodzi yokha anthu asanu, ndipo probe yake ina inathyoka kalekale. Ndinalumikiza sensa, ndinaika pini ina kuti izidzuka nthawi iliyonse interrupt (chizindikiro chodukiza purosesa kuti iwerenge kugunda) ikalowa, kenako ndinatsegula madzi. Sensa ikagunda kamodzi, pini ija nthawi zina inkadzuka kawiri. Si nthawi zonse ayi, koma mokwanira kuti mayi ataye madzi amene walipira.

Nditatsegula startup code, imene imayamba kuyenda purosesa ikangoyaka, ndinazizidwa nkhongono. Munthu wina anali ataliona kale vutoli. Mu ACTLR, register (kachipinda kosunga malamulo a purosesa) ya pa adiresi 0xE000E008, anayatsa bit 1, DISDEFWBUF, n'kulemba pambali kuti zakonza kuwerenga kawiri. Ndiye kuti anathimitsa write buffer ya purosesa yonse, nkhani n'kuikwirira.

Write buffer ija ilipo pa chifukwa chabwino. Purosesa ikalemba ku memory kapena ku register, siimaima kudikira kuti basi (bus, njira imene data imadutsamo) iyankhe. Imasiya zolembazo mu buffer n'kupitiriza ntchito. Bit imeneyo opanga purosesa anaiikira ife tikamasaka cholakwika, kuti bus fault ya IMPRECISERR, yosadziwika pamene yachitikira, isanduke yolozeka bwino, register ya BFAR ionetse adiresi yeniyeni. Ukaisiya yoyaka pa chipangizo chopita kwa anthu, kulemba kulikonse kumayamba kudikira, purosesa imachedwa kubwerera kukagona, ndipo batire ya sola ndi imene imalipira.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti sizinachize n'komwe. Handler yathu, code imene imayenda interrupt ikalowa, inkawerenga kugunda, kuchita zina zonse, kenako pa mzere wotsiriza weniweni n'kulemba 1 mu register ya EXTI_PR kuti ifufute mbendera yosonyeza kuti interrupt ikudikira. Koma EXTI, gawo lolandira ma interrupt a pa mapini, ili pa basi ya APB2, imene imayenda 84 MHz, theka la liwiro la purosesa, ndipo pakati pali mlatho wochokera ku basi yothamanga ya AHB. Purosesa imatuluka mu handler zolembazo zikadali m'njira. NVIC, gawo loyang'anira ma interrupt, ikayang'ana imapeza mzere wa interrupt ukadali wodzuka, imachita tail-chaining (kulowa mu handler nthawi yomweyo osabwerera kaye ku ntchito ina), yomwe imangotenga ma cycle 6, ndipo handler imalowanso n'kuwonjezera kugunda kumene kulibe. Kuthimitsa buffer ya purosesa kunangochepetsa mpata. Kuchedwa kwa pamlatho ndi kwa EXTI yeniyeniyo kunali pomwepo.

Kukonza kwake kunatenga mizere inayi. Polowa, yang'ana kaye ngati mbendera yadzukadi. Ngati ayi, tuluka osawerenga kanthu. Ifufute pomwepo kumayambiriro, osati kumapeto. Iwerengenso register yomweyo, chifukwa kuwerengako sikungabwere kulemba kusanafike. Ndinaikanso DSB, lamulo louza purosesa kudikira kuti zolemba zithe, ndisanatuluke, ngakhale ine ndimadalira kwambiri kuwerenganso kuja. Kenako ndinabwezeretsa write buffer.  Mpaka cha m'ma 11 koloko usiku ndinali ndikudzadza ndi kukhuthula chigubu kuseri kwa ofesi, mlonda akundiunikira ndi tochi. Ulendo uliwonse madzi ankafika pa mzere wake.

Lachinayi m'mawa ndinapita nazo kwa bwana.

"Achimwene, mwagwira ntchito," anatero. "Koma bit ijayo isiyeni mmene inalili. Yakhala ikuyenda choncho, tisaputenso zina."

"Bwana, siinkayenda. Anthu akhala akulipira madzi amene sanatunge."

"Nanga mukachotsa, china chikabuka Lachisanu tikutumiza?"

Ndinawaonetsa zithunzi za pa oscilloscope, chakale ndi chatsopano. Anavomera, koma nditafunsa za ndalama za amayi aja anangoti tidzakambirana. Apa mpamene mtima unandiwawa. Sindikumuda amene anayatsa bit ija. Ndikudziwa mmene zimakhalira kuno, umapatsidwa tsiku limodzi, oscilloscope ili ndi wina, galimoto ikudikira panja. Chimene sindingachilandire n'chakuti kusintha kokhudza kulemba kulikonse kwa purosesa kunalowa popanda munthu wachiwiri kukuwerenga, chifukwa akuluakulu amati code review imadya nthawi. Ndakhala ndikupempha logic analyser yotchipa ndi maola awiri pa sabata oti tizionerana code. Zonse ziwiri zikadali pa pepala.

Lachisanu tinaika firmware (pulogalamu ya mu mita) yatsopano pa mabodi onse a m'nyumba muno, ndipo anakwera galimoto masana. Mamita amene ali kale kumidzi alibe njira yolandirira firmware patali, aliyense amafunika munthu apite ndi laputopu ndi ST-Link, kachipangizo kolowetsera firmware. Ndalemba mndandanda wa makiyosiki, kuyambira amene madandaulo ake achuluka, ndipo ndapempha mafuta a galimoto a Lolemba. Pofika nthawi yoweruka pempholo linali lisanasainidwe.